Mafuta a Zitumbuwa ndi Njinga ya Nelia

Sindinafune kupita ku Sinda pa galimoto ya Ba Mvula. Ndikunena izi poyambirira chifukwa anthu ena kwathu mu Matero mpaka lero amati ndinachita kusankha dala. Ndinalibe njira ina.

Mkazi wanga Nelia anamwalira mvula itangosiya. Tinamuika ku Lusaka konkuno. Maliro atatha, apongozi anga, mayi ake a Nelia, anatenga mwana wathu Tiyamike, wa zaka zinayi, n'kupita naye kumudzi kwawo, kuseri kwa Sinda. Sindinakane. Mwamuna wofedwa sakana kanthu m'masiku amenewo. Asananyamuke anasonkhanitsa katundu wa Nelia. Zovala anaziika m'sutikesi. Njinga yake anaikulunga m'masaka n'kuimanga ndi chingwe cha khonje ndi manja awo. Popeza mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso, anauza mlongo wanga kuti andiuze: chingwecho adzamasula ndi amalume ake a Nelia okha, pa tsiku logawa katundu ndi kundisudzula, kutanthauza kundimasula ku ukwati. Lisanafike tsikulo, katundu wa malemu sakhudzidwa.

Mu Juni uthenga unabwera ndi bambo wina wodzagulitsa nyemba. A Sakala, amalume ake a Nelia, afika kuchokera ku migodi. Akhala pansi kumudziko kugawa katunduyo Loweruka, dzuwa likafika pamutu, ndipo Lamlungu abwerera kuntchito. Bamboyo anamaliza ndi mawu omwe anamutuma kuti asawasinthe: mkamwini akapanda kubwera, tidzadziwa kuti mwanayu watisiyira.

Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndinalibe mphamvu yolamula. Ndinali ndi pempho chabe, ndipo pempholo linafunika ndikalinene ndi pakamwa panga, ndili pomwepo.

Lachinayi ndinapita kokwerera mabasi a kum'mawa. Mabasi a boma anali atatha kale, ndipo aliyense wokhala ndi basi ankatchula mtengo wake. Sabata imeneyo dizilo anasowanso mumzinda. Anthu anali atagona pa katundu wawo, oyendetsa atapita kukaima pamzere wa mafuta. Kondakitala wina atayang'ana mtolo wa njinga anati ulipire ngati munthu wamkulu, koma tsiku lonyamuka sanalonjeze. Ndinabwerera ndikukankha wilibala yobwereka, njinga ili pamwamba. Ngakhale kuiyendetsa pa matayala ake sikunali kololedwa.

Ba Mvula, mnansi wanga, anandiona ndikudutsa.

"Ba Ticha, mwabwelela? Ine mawa niyenda ku Katete, nipeleka Amake Suzi na mabelo yao ya salaula. Kwelani chabe. Iyi motoka siimilila pa laini ya dizilo."

Galimotoyo ndiyenera kuifotokoza. Ba Mvula anali makanika ku kampani ya mabasi. Atawachotsa ntchito limodzi ndi anzawo ambiri, anagula vaneti yakale ya dizilo, ya bokosi lotsegula kumbuyo, kuti azinyamulira anthu katundu. Koma mtengo wa dizilo unkangokwera, mpaka vanetiyo inayamba kugonera pakhomo, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ku koleji ndinawerengapo kuti injini ya dizilo imatha kuyenda ndi mafuta ophikira, akasefedwa bwino ndi kutenthetsedwa. Ndinanena mocheza tsiku lina Lamlungu. Ba Mvula sanazimve mocheza. Anaika mgolo wa mafutawo kumbuyo kwa vaneti, anakulunga paipi ya mkuwa pa chitsulo chotentha cha injini, n'kuika kampopi pafupi ndi chiwongolero. Kachigubu ka dizilo kanatsala koyatsira ndi kozimitsira basi. Lamulo linali limodzi: yatsa ndi dizilo, injini ikatentha tembenuza kampopi imwe mafuta ophikira, ndipo usanazimitse bwezera ku dizilo, chifukwa mafuta ophikira akazizira m'mapaipi amalimba.

Mafutawo ankachokera kwa amayi okazinga zitumbuwa, tchipisi ndi nsomba pamsika, aja akuda omwe akanangowataya mungalande. Amene ankayenda kukawapempha anali Nelia, pa njinga yake, zigubu uku ndi uku. Ankadana ndi utsi wakuda wa maminibasi, ankati umamukanda pakhosi. Mitengo ya minibasi itakwera anagula njinga n'kumapita nayo kuntchito yake yotaipa m'tauni, anyamata a pa siteji akumukuwiza. Pa kaliyala anasokererapo katsamiro ka Tiyamike. Madzulo akafika pa ngodya ya nyumba ya Ba Mvula ankaliza belu kawiri, mwana n'kutuluka akuthamanga. Vanetiyo ankaikonda chifukwa utsi wake unali wochepa ndipo unkanunkhira zokazinga. Ana a mu komboni anaitcha Chitumbuwa. Inali isanapitepo kutali kuposa Chongwe.

Tinagwirizana kunyamuka Lachisanu m'mamawa. Amake Suzi, wogulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, mayi wamkulu thupi ndi mawu, anafika dzuwa litakwera kale, ndipo asanapereke moni anayamba kukangana za malo a mabelo.

"Ba Mvula, mabelo yanga yasagunde mgolo wanu. Nizagulitsa bwanji majaketi yonunkha nsomba?"

"Ku Katete bakonda nsomba, mami. Muzakwezako na mtengo."

Tinamasula, tinamanganso. Njinga ndinaigoneka ndekha pamwamba pa mabelo, sutikesi pambali pake. Tinadutsa mumzinda anthu akutiyang'ana kuchokera pamizere ya mafuta yokhota mpaka kuseri kwa masitolo. Ba Mvula ankawaimbira hutala mmodzimmodzi.

Pa Chongwe tinapeza apolisi pamsewu. Mmodzi anazungulira vaneti akununkhiza, n'kubwera pawindo.

"Vitumbuwa vili kuti, mudala?"

"Kulibe, bwana."

"Manje ine nimvela chani?"

Ba Mvula anatsika mosangalala ngati aitanidwa ku ukwati. Anatsegula mgolo, anaviika chala, anaonetsa paipi ya mkuwa. Wapolisiyo anaitana anzake. Mmodzi anagwada kumbuyo n'kununkhiza utsi, n'kunena kuti lero munakazingidwa nsomba. Wina anafunsa ngati mafuta a nkhumba angagwirenso ntchito, chifukwa mlamu wake amapha nkhumba. Sanatifunse pepala lililonse. Anangotisunga ndi mafunso, ine ndili m'kati ndikuyang'ana mthunzi wa mtengo ukufupika. Ndinatsika, ndinakoka chingwe cha njinga kuona ngati chalimba, ndinakweranso. Ndinachita zimenezi kangapo mpaka Amake Suzi anandigwira dzanja.

"Ba Ticha, nkhalani pansi. Muzatilemetsa tonse."

Titadutsa Rufunsa msewu unayamba kukwera ndi kukhota m'mapiri a Manenekela. Pa chitunda chachiwiri injini inayamba kutsokomola. Chimwalirire Nelia, sindikonda kumva chinthu chikutsokomola. Ba Mvula anabwezera kampopi ku dizilo mwamsanga, n'kupatukira pambali pomwe panali malo, phompho lili kumanzere kwathu.

Atamasula sefa ya mafuta tinaipeza yodzaza zinyenyeswa za ufa ndi timinga ta nsomba. Mgolo wonse unali wotero. Mabampu anali atavundula zonse zomwe zinakhazikika pansi.

"Ninasefa," anatero Ba Mvula, osandiyang'ana. "Koma kamozi chabe. Ba Nelia ndiye benze kusefa kawili."

Panafunika nsalu yolimba kuti tisefe mgolo wonse. Ba Mvula anayang'ana mabelo.

"Osayesa," anatero Amake Suzi. "Belo isegukila pamaso pa makasitomala. Bakaona waya yadulika bazakamba ati nasankhamo kudala vabwino. Mufuna nikagulitse na ndani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Mu sutikesi umo mulibe chitenge?"

Ndinati sutikesiyo ndi ya Nelia.

Anagwira pakamwa. "Iyayi, nalakwa. Va malemu sitigwila." Anamasula chitenje chake cha pamwamba, n'kuchiponyera Ba Mvula kumaso. "Muzanigulila chinangu. Cha ku Congo, osati va pa msika."

Tinasefa ndi kapu. Ine ndinkatunga, Amake Suzi atagwira nsalu pakamwa pa chigubu, Ba Mvula akutsuka sefa. Mafuta ozizira sathamanga. Amadontha ngati uchi, ndipo ukawafulumiza amasefukira. Malole ankatidutsa akukwawa, akutipopera utsi wakuda kumaso. Ndinkawerengera mumtima kuti tikanakhala kuti tikanapanda kuima, kenako n'kuleka, kenako n'kuyambanso. Pomwe tinkamaliza, dzuwa linali litapendeka.

Pa mlatho wa Luangwa tinatsikira m'chigwa chotentha ngati si Juni. Asilikali ankaolotsa magalimoto imodziimodzi, ndipo patsogolo pathu panali malole ambiri. Amake Suzi anapita kukagula nsomba zouma, n'kumakangana ndi wogulitsa aliyense pamzere wonsewo. Ine ndinayenda mpaka pa chotchinga n'kubwerera, n'kupitanso. Atabwera anandipatsa mbatata yootcha.

"Dyani. Manje mukafika, muzakamba chani kuli bamalume?"

"Sindikudziwa."

"Simuziba? Ba Ticha bonse aba?"

"Ndakhala ndikukonza mawu kuyambira Lachitatu. Ndikawanena mumtima akumveka ngati ndikupempha ntchito."

"Osakamba vambili. Mugwade patali, mukambe chamene mufuna, musile. Ine mwamuna wanga pamene anafa banatenga vonse, na mapoto. Ninakamba maningi. Sivinathandize."

Tinaoloka dzuwa likulowa. Apa mpamene Ba Mvula anaulula kuti nyali imodzi yokha ndiyo imayaka, ndipo nayonso imayang'ana m'mitengo. Tinakwawa kudutsa Kacholola, tikuzemba maenje, mpaka pa Nyimba anakaniratu kupitirira. Ndinawapempha. Anati akagwetsa vaneti m'dzenje ndiye kuti sindifika konse, ndipo ankanena zoona. Anandilonjeza kuti tikadzuka m'mamawa tikafika ku Sinda amalume asanasambe.

Titangoima, anthu anatizinga chifukwa cha fungo. Ine ndinapita kukagulira Tiyamike nthochi. Ndili komweko ndinkamva Ba Mvula akulalikira za mgolo wawo, akuponda moto kuti anthu anunkhize bwino, anthu akuseka. Kenako ndinamva injini ikuzima, anthu n'kuwomba m'manja. Mumtima ndinafuna kufunsa ngati abwezera kampopi. Sindinafunse. Munthu wamkulu akamaomberedwa m'manja sufuna kumuchititsa manyazi. Tinagona pakhonde la sitolo.

Loweruka kunacha ndi chisanu choluma zala. Ba Mvula anatembenuza kiyi. Injini inabuula, osayaka. Anatembenuzanso. Kenako anayang'ana kampopi, n'kuvula chipewa.

"Ba Ticha."

"Ndaona."

Atamasula paipi, mafuta anali atalimba ngati phala la dzulo. Ndinapita kwa mayi wogulitsa tiyi kukabwereka mbaula. Tinaikankhira pansi pa injini, makala ali psuu, n'kumakupiza ndi katoni. Anthu omwe anaomba m'manja dzulo anabweranso.

"Si ija motoka yopanda utsi iyi?" anafunsa wina. "Lero mwaiika pamoto, mufuna kuidya?"

Amake Suzi anamuyankha mawu omwe sindingalembe pano. Ba Mvula anatsuka mapaipi ndi dizilo, ndipo kachigubu kanatsala pang'ono kutha. Batire nalo linafooka, moti tinachita kupempha anthu omwe ankatisekawo kuti atikankhe. Inayaka pa ulendo wachitatu, dzuwa litakwera kale pamwamba pa masitolo.

Kuchokera pamenepo Ba Mvula anaponda moto. Vaneti inathamanga kuposa momwe ndinkaganizira kuti ingathe. Tinadutsa mphambano ya Petauke osaima, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kukhulupirira kuti ndifika. Ndinayambanso kukonza mawu aja.

Amake Suzi ndiwo anayamba kununkhiza. Anasuzumira pawindo n'kuyang'ana kumbuyo.

"Ba Mvula, tilemba laini mu msewu."

Pa phula panali mzere wonyezimira wotalika mpaka komwe maso amalekezera. Paipi ya rabala yochokera kumgolo inali itafewa ndi moto wa mbaula uja, n'kung'ambika. Mgolo unali utatsala matope okha. Dizilo wotsalayo anatifikitsa pa mtengo wina wa mkuyu, injini n'kuzima yokha.

Bambo wina wodutsa ndi khasu anati kutsidya kwa dambo kuli mudzi womwe uli ndi makina ofinyira mpendadzuwa, a pamanja. Ba Mvula anadzuka ngati wamva dzina lake.

"Mpendazuba! Iyo ndiye yabwino maningi, ilibe na minga. Ba Ticha, tapulumuka."

Ndinafunsa bamboyo kuti kudzaza chigubu kungatenge nthawi yotani. Anayang'ana kumwamba, n'kuloza pomwe dzuwa limakhala ng'ombe zikamabwerera kukhola.

Ndinaima pamsewu n'kumakweza dzanja. Basi imodzi inadutsa yodzaza mpaka pakhomo, kondakitala akundionetsa chikhato. Lole ya thonje sinachepetse n'komwe liwiro. Kenako msewu unangoti zii. Chifukwa cha kusowa kwa dizilo, magalimoto anali ochepa. Zomwe zinkadutsa zinali njinga zokha: wina ndi matumba a makala, wina ndi nkhumba yomangidwa pa thabwa, wina ndi mkazi wake atakhala chammbali. Zinkadutsa mwakachetechete, osafulumira, osaima. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Mthunzi wanga unali utalowa pansi pa mapazi.

Ndinakwera kumbuyo kwa vaneti n'kutsitsa mtolo uja.

"Ba Ticha, muchita chani?" Amake Suzi anadzuka pomwe anakhala. "Iyayi. Iyayi, mwana wanga. Bakalibe kukusudzulani. Mukafika mwakwela iyo, muzabapatsa chifukwa. Bazakamba ati uyu munthu alibe ulemu, angalele bwanji mwana?"

"Ndikapanda kufika sadzafunikanso chifukwa."

"Ba Mvula, kambani naye!"

Ba Mvula anali atanyamula kale chigubu. Anayang'ana pansi. "Ine nalakwa kudala lelo, mami. Siningauze munthu vochita."

Sindinadule chingwe. Mfundo ya apongozi inali yolimba, ndipo ndinachita kuimasula ndi mano. Chingwecho ndinachipinda n'kuchiika m'thumba la jekete. Masaka atagwa, njinga inaoneka monga anaisiyira: yakuda, yopanda chitsulo chapakati, katsamiro ka maluwa ofiira kali pa kaliyala. Pa chogwirira panali pomwe utoto unatha chifukwa cha dzanja lake. Ndinatenga pampu pamalo pake n'kupopa matayala. Sutikesi ndinaimanga pamwamba pa katsamiro ndi lamba wanga. Amake Suzi anangotenga nthochi zija n'kuzikoleka pa chogwirira.

Chishalo chinali chachifupi, mawondo ankandifika pafupi ndi chifuwa, koma sindinachikweze. Msewu wa kumeneko umakwera pang'onopang'ono n'kutsika, n'kukweranso, ndipo mphepo ya Juni inkandiomba kumaso. Poyamba ndinapalasa ngati wothamangitsidwa, mpaka mpweya unandithera. Kenako ndinatsatira mayendedwe a bambo wina wa makala yemwe anali patsogolo panga, ndipo ndinaona kuti iye akudziwa bwino. Pa chitunda china tonse tinatsika n'kumakankha. Anayang'ana njinga, anayang'ana jekete langa ndi ndevu zomwe ndinali ndisanamete chimwalirire Nelia.

"Mwabwereka ya amayi akunyumba?"

"Eya."

"Mukabweze msanga. Akazi sakondwa nazo."

Ndinati ndikubweza lero lomwe.

Pa Sinda sindinaime. Ndinapatukira msewu wa fumbi wolowera kum'mwera, womwe ndinaudutsa kamodzi kokha, chaka chomwe tinkakwatirana. M'malo ena munali mchenga wozama, ndipo ndinkatsika n'kuthamanga ndikukankha. Dzuwa linali litachoka kale pamutu. Mawu onse omwe ndinakonza anali atachoka.

Polowa m'mudzi njira imadutsa pakati pa nkhokwe ziwiri. Pamenepo panagona mbuzi. Chala changa chinapita chokha pa belu. Ndinaliza kawiri.

Ndisanachotse chala ndinadziwa chomwe ndachita.

"Amama! Amama abwera!"

Tiyamike anatulukira kuseri kwa nyumba akuthamanga, wopanda nsapato, atavala diresi lomwe sindinkalidziwa. Anthu omwe anakhala pansi pa mtengo wa mango onse anatembenuka. Mwanayo anafika pafupi n'kuima. Anayang'ana njinga. Anandiyang'ana ine. Kenako anasuzumira kumbuyo kwanga, kunjira yomwe ndinadzera, ndipo anayang'ana kumeneko nthawi yaitali.

"Ndine, Tiya," ndinatero.

Sanalire. Anabwera n'kugwira tayala lakumbuyo.

Ndinaimika njinga, n'kupita kukagwada patali ndi mphasa, monga anandiuzira Amake Suzi. A Sakala anali pampando, bambo wochepa thupi wa imvi, atavala jekete la kumigodi. Apongozi anakhala pakati pa amayi, atandifulatira pang'ono monga mwa mwambo. Palibe anandipatsa moni.

"Chingwe chili kuti?" anafunsa a Sakala.

Ndinachitulutsa m'thumba n'kuchiika pansi ndi manja awiri.

"Anamanga ndani?"

"Amayi."

"Wamasula ndani?"

"Ndine."

"Ndipo mwakwerapo. Kuchokera kuti?"

Ndinawauza za mkuyu uja, kupitirira mphambano ya Petauke. Amayi ena anang'ung'udza. A Sakala anapukusa mutu.

"Ife tinakudikirani mpaka dzuwa linapendeka. Nkhani tamaliza. Tati mwana akhala kuno kwa ambuye ake, njinga ipita kwa mng'ono wake wa malemu. Tsono inu mwafika mochedwa, mwafikanso ndi mlandu. Tinene kuti chiyani? Muli ndi mawu?"

Ndinali nawo ochepa. Ndinati ndinadziwa kuti ndikulakwa pomwe ndinkamasula chingwecho. Ndinati panali kulakwa n'kufika, kapena kusunga mwambo mwana n'kumva kuti bambo ake sanabwere. Ndinati chilango chilichonse ndilandira. Ndinati ndikupempha mwana wanga. Ndinasiyira pomwepo.

A Sakala anauza mng'ono wake wa Nelia kuti atsitse sutikesi ibwere pamphasa. Atangomasula lamba n'kuichotsa, katsamiro kaja kanaonekera. Tiyamike anaponda pa chitsulo, anakwera yekha, n'kukhalapo. Anagwira pansi pa chishalo ndi manja onse awiri, n'kutambasula miyendo kutali ndi masipoko, monga anamuphunzitsira mayi ake. Anakhala choncho, akudikira.

Mng'ono wa Nelia anayesa kumunyamula. Mwanayo anakuwa mawu omwe sindinawamvepo, osasiya chishalo. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Apongozi analankhula osatembenuka. Sanalankhule kwa ine.

"Alongo, mwana uyu chibwerere kuno sadya bwino. Njinga ikangolira belu kumsewu uko, iye wathamanga. Tsiku lina ndinakamupeza kudambo. Ine miyendo yatha, sindingamathamangitsane naye. Tsono mukuti njinga iyi ikhale pakhomo pano, aziiona m'mawa ndi madzulo?"

"Nanga titani, mlongo? Tagamula kale."

"Njinga ibwerere komwe yachokera. Za mwanayo, amene angathe kumutsitsa pamenepo amutsitse. Ine sindingathe."

Palibe anadzuka. A Sakala anayang'ana amuna anzawo, anayang'ana chingwe chili pansi. Mbuzi zija zinabwerera pamalo pake.

"Mlandu wa chingwe ndi mbuzi," anatero pomaliza. "Yaikazi, osati kamwana. Mwana mupita naye, koma sukulu ikatsekera azibwera kuno. Mukadumphitsa kamodzi, ndibwera ndekha ku Lusaka kudzamutenga. Mwamva?"

Ndinati ndamva.

"Muuzeni mkamwini wanuyo," anatero apongozi, "kuti sindinamukhululukire. Chingwe chija ndinamanga ndi manja anga."

Anagawa zovala. Anandimeta tsitsi ndi ndevu kuseri kwa nyumba, n'kundiuza kuti ndamasuka. Nthawi yonseyo Tiyamike anali pa katsamiro, akudya nthochi ndi dzanja limodzi, linalo osasiya chishalo.

Ba Mvula anafika Lamlungu m'mawa, atatula kale Amake Suzi ku Katete, vaneti ikununkhira mpendadzuwa wokazinga, ana a m'mudzi akuithamangira. Pobwerera anazimitsa ndi dizilo paliponse pomwe tinaima, ndipo nthawi iliyonse ankandiitana kuti ndione kampopi ndi maso anga. Njinga inayenda yosakulunga.

Titalowa mu Matero, Tiyamike anakana kufika kunyumba pa vaneti. Tinatsitsa njinga pa msika, ndinamukweza pa katsamiro, n'kupalasa pang'onopang'ono m'tinjira ta mu komboni. Pa ngodya ya nyumba ya Ba Mvula anandikoka malaya.

"Atate, apa."

Ndinaliza kawiri. Palibe anatuluka. Tinadikira pang'ono, kenako ndinamutsitsa, n'kutsegula chitseko.